Mjigo wa pamsika womwe unadwalitsa anthu m'dzinja ku Kasungu

Lipotili talembera anzathu ogwira ntchito zaumoyo ndi za madzi m'maboma: alangizi a zaumoyo m'midzi, oyang'anira ukhondo, amakaniko a mijigo ndi makomiti a madzi. Likunena za mjigo umodzi wa pakamsika kena m'boma la Kasungu, kutali ndi mapaipi a Central Region Water Board. Dzina la malowo ndi mayina a anthu tawasiya dala.

Malo ake

Mjigowu uli ndi pampu ya Afridev, monga ilili mijigo yambiri m'Malawi muno, ndipo ndi wakuya mamita 40. Unakumbidwa kalekale m'munsi mwa msika, potsetserekera kudambo. Pamuyezo wa boma mjigo umodzi umayenera kutumikira anthu 250, koma uwu umamwetsa ochuluka kuposa pamenepo: midzi yozungulira, sukulu ya pulayimale, matiyirumu, ogulitsa thobwa ndi mafirizesi, komanso mabanja a m'maesiteti a fodya omwe amatumiza ngolo ndi migolo.

Nthaka ya chidikha cha Kasungu imatithandiza. Madzi a mijigo amachokera m'thanthwe lofumbutuka la pansi, ndipo pamwamba pake pamakhala dongo lochindikala lomwe limasefa madzi a mvula asanafike kumeneko. Mjigo womangidwa bwino kuno umatulutsa madzi opanda tizilombo. Ubwino womwewo ndi umene umatigoneka tulo, chifukwa munthu akangoti amamwa pamjigo timasiya kufunsa. Mjigo ukapezeka ndi mabakiteriya m'dera ngati lino, nthawi zambiri alowera pamwamba, pakhosi pa mjigo penipeni.

Zizindikiro zoyamba

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali mlangizi wa zaumoyo amene amayendetsa kachipatala ka m'mudzi ka ana osakwana zaka 5. M'dzinja kutsekula m'mimba sikusowa, kotero ana awiri atatu otsekula sadabwitsa munthu. Chomwe chinamuimika mutu n'chakuti mapaketi a Thanzi ORS, omwe amamufikitsa kumapeto kwa mwezi, anatha Febuluwale asanafike pakati. Sabata lomwelo aphunzitsi aakulu anadandaula kuti ana akujomba kwambiri. Kuchipatala chaching'ono nako kunayamba kubwera akuluakulu otsekula, ena zamagazi.

Funso loyamba linali la kolera. Aliyense wa ife akukumbukira mliri womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kufika m'maboma onse, n'kupha anthu oposa 1,700. Kumene kulibe mliri, munthu wa zaka 2 kapena kuposa amene akutsekula zamadzimadzi katatu kapena kuposa pa maola 24, ndipo madzi amuthera kwambiri m'thupi, timamuyesa wa kolera mpaka labotale itakana. Odwala amene anafika pamenepa anayezedwa ndi tizipangizo toyezera msanga, ndipo chimbudzi chawo chinatumizidwa kulabotale ya kuboma m'timabotolo ta Cary-Blair, tosunga tizilombo tamoyo panjira. Kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, sikanapezeke. Ena anapumira m'mwamba atamva zimenezi, koma ntchito inali isanachepe. Kamwazi, taifodi ndi mitundu ina ya mabakiteriya a E. coli zimayenda njira yomweyo ya chimbudzi cha munthu kulowa m'madzi akumwa, ndipo pomwe izi zadutsa kolera angadutsenso mawa.

Kaundula wa odwala

Tinalemba odwala onse m'kaundula mmodzi: zaka, mudzi, tsiku lomwe matenda anayamba, zomwe anadya kunja kwa nyumba, ndi kumene kunachokera madzi omwe anamwa m'masiku 5 asanadwale. Kafunsidwe kake n'kofunika. Ukafunsa kuti mumamwa madzi a kuti, aliyense amayankha kuti a pamjigo, ngakhale amene dzulo anatunga padambo chifukwa mzere unatalika. Funso lothandiza ndi lakuti mjigo uti, anatunga ndani, ndipo mwana akakhala kusukulu amamwa kuti.

Anthu a pamsika ankaloza chala chiwaya cha nyama, ena maliro omwe anachitika m'mudzi wina masiku omwewo. Kaundula anakana zonse ziwiri. Alendo a kutsidya omwe anadya pamaliropo sanadwale, ndipo ana oyamba kumene phala, omwe sanalawepo za pachiwaya, anali pakati pa odwala. Titajambula mapu a midzi n'kuika kadontho pa nyumba iliyonse ya wodwala, madonthowo sanatsate kuyandikana kwa nyumba. Mabanja oyandikana ndi msika koma otunga pamjigo wa kumtunda, pafupi ndi tchalitchi, anali bwinobwino. Mabanja a kuesiteti ina yakutali anali akudwala, ndipo tinapeza kuti ngolo yawo imatunga pamjigo wa pamsika. Omwa tiyi m'matiyirumu tsiku ndi tsiku sanavutike kwenikweni ngakhale madzi ake ndi omwewo, chifukwa amawira. Ogula mafirizesi ndi thobwa losungunula ndi madzi ozizira anadwala.

Zomwe zinapezeka pamjigo

Kuyendera mjigo ndi maso sikufuna labotale, ndipo kumapereka yankho tsiku lomwelo. Silabu, konkire yozungulira pampu, inali ndi mng'alu kuyambira patsinde la pampu mpaka m'mphepete. Munthu akamapopa, tsindelo linkagwedera. Ngalande yotaya madzi inali yosweka, dzenje lomwetsa madzi litakwiririka, ndipo panali chithaphwi chomwe nkhumba ndi abakha ankasambamo chifukwa panalibe mpanda. Chimbudzi cha msika chinali kumtunda, mamita 15 okha kuchokera pamjigo, pomwe muyezo ndi mamita osachepera 30, ndipo chinali chodzaza moti mvula ikagwa chinkasefukira. Madzi saiwala khwawa: othamanga kuchokera kumsika ankatsata kakhwawa kakale kodutsa pachimbudzipo n'kudzaima pasilabu.

Komiti inatiuzanso kuti mu Januwale pampu inasiya kukoka, ndipo anaitsegula kuti asinthe timalabala ta m'kati mwake totchedwa U-seal ndi bobini. Marodi, zitsulo zazitali zolowa mumjigo, anawagoneka pansi m'matope, n'kuwabwezera osatsuka, ndipo klorini sanathire.

Umboni wolemera kuposa wonse unachokera kwa amayi otunga m'mawa. Iwo anati mvula yamphamvu ikagwa usiku, ndowa zoyambirira zimatuluka zotuwa, kenaka madzi amayera dzuwa likakwera. Madzi ochokera mamita 40 pansi sangasinthe mtundu patangopita maola ochepa mvula itagwa. Akasintha, pali njira yachidule yomwe madzi a pamwamba akulowera. Funso limeneli silili pamafomu ambiri oyendera mijigo, ndipo tikulimbikitsa anzathu kuti azilifunsa.

Kutseka kapena kusatseka

Pamsonkhano ndi Amfumu ndi komiti, maganizo oyamba anali omanga unyolo pachigwiriro mpaka zotsatira zitabwera. Zimaoneka zanzeru, koma tinafunsa kuti anthu akatunga kuti mawa m'mawa. Mjigo wa kumtunda uli patali ndipo mzere wake ndi wautali kale. Chapafupi ndi zitsime zosaphimba za m'dambo, momwe mumathera madzi onse ochokera kumsika. Kutseka mjigo popanda kupereka kwina kukanawachotsa anthu pamadzi oipa n'kuwatumiza ku oipitsitsa.

Tinagwirizana kuti mjigo ukhale wotsegula, koma ndowa iliyonse ithiridwe klorini isanachoke pamalopo. Anthu odzipereka ankasinthana kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ndipo usiku chigwiriro chinkamangidwa ndi unyolo. Izi zinayamba tsiku lomwelo, zotsatira za labotale zisanabwere. Labotale imatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo m'masiku amenewo anthu samasiya kumwa.

Klorini wothira m'ndowa ndi wa 1 peresenti. Amapangidwa posungunula magalamu 15 a ufa wa klorini wotchedwa HTH wa mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti, omwe ndi supuni yaikulu imodzi yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi. Mukasakaniza m'chiwiya cha pulasitiki, dikirani kuti zoyera zikhazikike pansi, n'kutsanulira madzi a pamwamba okhawo m'chigubu chosaonekera mkati, chotseka bwino. Chitsulo chimadyeka ndi klorini, ndipo dzuwa limamuphera mphamvu. Ife tinkapanga watsopano sabata iliyonse. Wosakaniza avale magolovesi, akhale panja, ndipo ufawo usayandikire mafuta, feteleza kapena moto.

Mlingo sitinauganizire m'mutu. Tinadzaza ndowa zinayi za malita 20 ndi madzi a pamjigopo, n'kuthira ndi sirinji mamililita 2, 4, 6 ndi 8. Patatha mphindi 30 tinayeza klorini wotsala ndi mapiritsi a DPD 1, n'kusankha mlingo wochepetsetsa womwe unasiya pakati pa mamiligalamu 0.5 ndi 1.0 pa lita. Pamasiku owala unali mamililita 4. M'mawa wa pambuyo pa mvula unkafunika kawiri kake, chifukwa litsiro la m'madzi limadya klorini asanafike pa tizilombo. Madzi akatuwa kupitirira 5 NTU pa muyezo wa kutuwa kwa madzi, tinkati akhazikike kaye ndi kusefedwa pansalu yoyera asanathiridwe. Kuyesaku kubwerezedwe madzi akasintha maonekedwe.

Mavuto awiri anaonekera msanga. Ziwiya sizifanana: pali mabeseni a malita 40, pali tizigubu ta malita 5 ta ana asukulu. Wodzipereka akathira mlingo umodzi ponseponse, beseni limaperewera ndipo kachigubu kamanunkha moti mwana amakakataya panjira. Tinalemba milingo ya chiwiya chilichonse papepala lokutidwa ndi pulasitiki n'kulipachika pamjigo. Vuto lachiwiri linali mphekesera yoti mankhwalawa amaletsa kubereka. Kukangana nayo sikunathandize kwenikweni. Chinathandiza n'chakuti Amfumu, amayi a komiti ndi azaumoyo anamwa madziwo pamaso pa anthu, ndipo fungo silinapitirire chifukwa mlingo unali woyezedwa. Klorini wochuluka amathamangitsira anthu kudambo.

Masampulo ndi zotsatira

Tinatenga madzi pamalo anayi: pamjigo wa pamsika, pamjigo wa kumtunda, pachitsime cha m'dambo, ndi m'ziwiya zosungira madzi m'nyumba zingapo. Pamjigo timapopa kaye kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'mapaipi achoke, timawotcha kukamwa kwa pampu ndi thonje la sipiriti, timapopanso pang'ono, kenaka timadzaza botolo lophedwa tizilombo osakhudza kukamwa kwake kapena mkati mwa chitsekerero. Ngati madziwo ali ndi klorini, m'botolo mukhale sodium thiosulphate, mankhwala othetsa mphamvu ya klorini, apo ayi kloriniyo amapitiriza kupha tizilombo panjira ndipo zotsatira zimanama. Mabotolo amayenda m'bokosi lozizira, ndipo ndi bwino kuwayeza pasanathe maola 6. Akapitirira maola 24 musawakhulupirire.

Poyeza, mamililita 100 amasefedwa pakapepala ka mabowo a 0.45 micron, kapepalako kamaikidwa pachakudya cha mabakiteriya, n'kufundidwa pa madigiri 44 kwa maola 18. Timadontho tachikasu tomwe timamera ndi chizindikiro cha mabakiteriya a m'chimbudzi. Iwowo paokha sangakhale ndiwo akudwalitsa, koma akapezeka ndiye kuti chimbudzi chafika m'madzi, pamodzi ndi chilichonse chomwe chanyamula.

Mjigo wa kumtunda unatuluka 0. Wa pamsika unagwera m'gulu la 101 mpaka 1,000 pa mamililita 100, lomwe World Health Organization (WHO) imaliika pachiopsezo chachikulu. Pachitsime cha m'dambo timadontho tinachuluka osawerengeka, zomwe zinatsimikiza kuti kusatseka mjigo kunali koyenera. Malangizo a WHO amati madzi akumwa asapezeke ndi E. coli ngakhale mmodzi pa mamililita 100. Muyezo wa Malawi Bureau of Standards wa madzi a mijigo ndi zitsime, MS 733, umalola mpaka 50. Maganizo athu ndi akuti 50 ameneyu ndi wothandiza kuti tisamatseke zitsime zonse za m'midzi, koma pomwe anthu akudwala kale, nambala iliyonse yoposa 0 ifufuzidwe.

Kutsuka mjigo koyamba, ndi zotsatira zomwe zinanyenga

Popeza marodi analowa ndi matope mu Januwale, chinthu choyamba chinali kutsuka mjigo wonse ndi klorini wamphamvu. Kawerengedwe kake nkosavuta. Kesing'i, paipi yaikulu yomwe imaikidwa m'dzenje la mjigo, ikakhala ya mamilimita 110 imasunga pafupifupi malita 8 pa mita iliyonse. Madzi anali kuyambira mamita 10 kutsika mpaka 40, kutanthauza mamita 30, omwe ndi malita 240. Kuti afike mamiligalamu 200 pa lita pamafunika magalamu 48 a klorini weniweni, omwe ndi pafupifupi magalamu 70 a HTH, masupuni aakulu asanu. Makaniko wa m'dera anatulutsa marodi ndi zipangizo za pansi zokokera madzi, pulanja ndi futivavu, n'kuzigoneka papepala la pulasitiki, n'kuzitsuka ndi klorini wa 0.2 peresenti, yemwe ndi masupuni aakulu awiri m'malita 10. Magalamu 70 aja anasungunulidwa m'ndowa n'kutsanuliridwa mumjigo. Pampu itabwezeretsedwa anapopa mpaka fungo litamveka kukamwa, kuti mapaipi nawonso adzaze, ndipo mjigo unagona wotseka usiku wonse, maola osachepera 12. M'mawa anapopa n'kutaya madziwo kutali ndi dimba mpaka klorini wotsala atatsika pansi pa mamiligalamu 0.5 pa lita.

Sampulo yotsatira inatengedwa patatha sabata, klorini atatheratu. Inatuluka 0. Odwala atsopano anali atachepa kwambiri.

Apa ndi pomwe nkhaniyi inakhotera. Masiku amenewo kunachita kang'amba, mvula inaleka. Inalinso nthawi yothyola ndi kusoka fodya, ndipo odzipereka aja ankafunika m'zigafa. Komiti itamva kuti madzi atuluka abwino, inaona kuti palibe chifukwa chokhalira pamjigo tsiku lonse ndi sirinji. Kuthira klorini m'ndowa kunafooka mpaka kunatha. Sitingawadzudzule, chifukwa kwa munthu aliyense 0 amatanthauza kuti vuto latha. Koma mng'alu unali pomwepo, chimbudzi chinali pomwepo, ndipo sampuloyo inatengedwa kuli kouma. Klorini wamphamvu amapha zomwe zili mumjigo tsiku limenelo basi, za mawa sazidziwa.

Mvula itabwerera, amayi anaonanso ndowa zotuwa. Pasanathe masiku ambiri kachipatala ka m'mudzi kanayambanso kulandira ana otsekula, ndipo sampulo yotengedwa m'mawa mvula itagwa usiku inabwerera m'gulu lomwe lija. Zinaonekeratu kuti matope a pamarodi sanali gwero lenileni. Anzathu, mukamapereka zotsatira zabwino pambuyo potsuka mjigo, nenani pomwepo, pamaso pa Amfumu ndi komiti, kuti izi n'zongoyembekezera ndipo kuthira m'ndowa sikuima mpaka mjigo utayesedwa ndi mvula.

Zomwe zinali pansi pa silabu

Kuthira klorini m'ndowa kunayambiranso, tsopano ndi ndandanda yolembedwa ndi nyakwawa za midzi yonse yomwe imamwa pamenepo, kuti mtolo usagwere anthu ochepa. Kenaka tinakumba m'mbali mwa silabu. Pansi pake panali mphako. Dothi linali litakokoloka moti dzanja linkalowa mpaka kukhudza kesing'i, ndipo madzi othiridwa pamng'alu ankatsetsereka m'mbali mwa paipiyo n'kuzimirira pansi.

Pokumba mjigo, dzenje limakhala lotakata kuposa kesing'i. Mpata wotsalawo kumunsi umadzazidwa ndi timiyala tosefa madzi, koma mamita angapo a kumtunda amayenera kutsekedwa ndi simenti, kuti dongo lomwe makina anaboola litsekekenso. Pamjigo uwu simentiyo panalibe. Munangobwezeredwa dothi lotuluka pokumba, lomwe linatitimira m'kupita kwa zaka. Kugwedera kwa tsinde la pampu kunang'amba silabu yopanda chochirikiza pansi, ndipo madzi ochokera kuchimbudzi anapeza mpata wotsikira mpaka pa timiyala tija osadutsa m'dongo. Cholakwika ngati ichi sichioneka tsiku lolandira mjigo, chifukwa silabu yatsopano imabisa zonse. N'chifukwa chake woyang'anira ayenera kukhalapo ndi kuona ndi maso ake simentiyo ikuthiridwa.

Kukonza

Pampu inachotsedwa, kesing'i inatsekedwa pakamwa kuti zinyalala zisagweremo, ndipo silabu yakale inaphwanyidwa. Anakumba mozungulira paipiyo mpaka mamita 2, pogwiritsa ntchito manja ndi makasu aang'ono pafupi nayo, chifukwa paipi ya pulasitikiyi ikasweka mjigo watha. Pansi anatsendera dongo lonyowa pang'onopang'ono, kenaka konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale mpaka pamwamba, tsinde la pampu litaimikidwa mowongoka mkati mwake. Silabu yatsopano inapendekera kungalande ndipo inakhala ndi mlomo m'mphepete. Ngalande inamangidwanso mpaka kudzenje lodzaza miyala. Kumtunda anakumba mchera wopatutsa madzi a kumsika, ndipo anamanga mpanda wa njerwa.

Konkire imafuna masiku 7 ikuthiriridwa ndi kufundidwa masaka onyowa, osapopa. Anthu amafuna kuyamba tsiku lachiwiri, ndipo ming'alu yambiri yomwe timaiona m'midzi inayamba choncho. Ulendo uno mjigo unatsekedwadi, koma mokonzekera. Odzipereka ndi klorini wawo anasamukira kumjigo wa kumtunda ndi kuzitsime za m'dambo, midzi inagawana nthawi yotunga, ndipo ngolo zinkabweretsa migolo kusukulu. Chimbudzi cha msika chinatsekedwa n'kukwiriridwa, china chinakumbidwa kumunsi kwa mjigo, kupitirira mamita 30, pamalo pomwe pansi pa dzenje pali mamita osachepera 1.5 pamwamba pa madzi a m'nthaka a m'dzinja. Pakhomo pake anaika mpondagiya ndi sopo. Thumba la komiti linalibe kanthu, chifukwa zopereka za pamwezi zinasiya kalekale. Simenti anasonkha ndi amalonda a pamsika ndi eni esiteti, mchenga ndi kwale anatuta ndi midzi.

Pampu itabwerera, mjigo unatsukidwanso ndi klorini monga poyamba.

M'nyumba

Masampulo a m'nyumba anaonetsa china chomwe kukonza mjigo sikukanachithetsa. Ngakhale mabanja ena otunga pamjigo woyera wa kumtunda anali ndi mabakiteriya m'mitsuko yawo. Titatsatira ndowa kuchokera pamjigo mpaka kunyumba, njira zake zinaoneka: zala zogwira mkati mwa ndowa posenza, masamba oikidwa pamwamba kuti madzi asatayike, ndi kapu imodzi yomwe imatunga, kumwera, kugwa pansi, n'kubwereranso mumtsuko.

Uthenga wa khomo ndi khomo unali waufupi. Madzi akumwa asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chotseka, kapena m'ndowa yovundikira yokhala ndi kapu yakeyake yotungira, yosiyana ndi yomwera. Chiwiyacho chitsukidwe ndi sopo asanathiremo ena. Amene ali ndi WaterGuard wamadzi athire kachitsekerero kamodzi m'malita 20, tiwiri ngati madzi ndi otuwa, adikire mphindi 30. Amene alibe awiritse madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, n'kuwaziziritsa ali chivundikirire m'poto momwemo. Madzi otsukira mbale za mwana, osungunulira thobwa ndi opangira mafirizesi akhalenso otetezedwa. Kusamba m'manja kukhale kothirirana, ndi sopo, osati m'beseni limodzi.

Wotsekula ayambe kumwa ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo wotsala atayidwe pakatha maola 24. Popanda paketi, masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi zimagwira ntchito ali panjira yopita kuchipatala. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo alandire zinki kwa masiku 10 mpaka 14: mamiligalamu 20 patsiku ngati wakwana miyezi 6, mamiligalamu 10 ngati sanakwane. Maso olowa, liwombo lolowa, kulefuka, kulephera kumwa, kusanza chilichonse kapena magazi m'chimbudzi, zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala. Tinapeza mabanja ambiri akugula Bactrim ndi Flagyl m'magolosale, mapiritsi awiri atatu. Mankhwala amenewa sabwezera madzi m'thupi, ndipo amachedwetsa ulendo wa kuchipatala.

Zotsatira

Palibe amene anamwalira. Mwana mmodzi ndi agogo ena aakazi anafika pothera madzi kwambiri, anatumizidwa kuchipatala chachikulu, analandira madiripi ndipo anachira. Maulendo onse awiri, odwala atsopano anachepa patangopita masiku ochepa kuthira m'ndowa kutayamba, mjigo usanakonzedwe n'komwe.

Kaundula sitinamutseke msanga, chifukwa taifodi imatenga sabata imodzi mpaka atatu, nthawi zina kuposerapo, isanaonekere. Tinapempha achipatala kuti aliyense wochokera m'midzi imeneyi amene watentha thupi masiku angapo koma malungo osapezeka amuganizire taifodi. Anthu ochepa otere anapezekadi ndipo anatumizidwa kukayezedwa ndi kulandira mankhwala oyenera. Alangizi anayang'ananso mabuku a ana, popeza katemera wa taifodi analowa m'ndondomeko ya dziko lino mu 2023, ndipo ophonya anabayitsidwa.

Kuthira klorini pamjigo kunaima pokhapokha masampulo awiri otsatizana atatuluka 0, imodzi mwa iwo itatengedwa m'mawa mvula yamphamvu itagwa usiku. Amayi otunga m'mawa anatsimikizanso kuti madzi asiya kutuwa. Makaniko wa m'dera tsopano amayenda ndi kabotolo ka HTH ndi pepala la pulasitiki, ndipo komiti inalemba m'malamulo ake kuti pampu ikatsegulidwa isabwezeredwe popanda klorini.

Chotsala n'chakuti konkire ya mamita 2 ndi chigamba, sichifanana ndi simenti yothiridwa bwino pokumba. Mjigowu udzayezedwanso mvula yoyamba yamphamvu ikadzagwa mu Disembala, komanso pakati pa dzinja madzi a m'nthaka atakwera. Ukadzapezekanso ndi mabakiteriya mvula itagwa, tinagwirizana ndi Amfumu ndi komiti kuti udzatsekedwa ndi simenti mpaka pansi, ndipo pempho la mjigo wina kumtunda kwa msika laperekedwa kale kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'dera.